Nkhata za matambula zolembedwa dzina lanu

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji?

Kuno kwacha ndi nkhungu. Phiri labisala chiyambire dzana, ndipo kamphepo kaja munkati kamalowa m'nyumba kosaodira kayambanso. Ndakhala pakhonde lanu, pomwe munkatambalala mukamapala m'kati mwa mbiya, zala zanga zili gwaa ndi kuzizira. Ndati ndikuuzeni za kuno, poti zachuluka, ndipo zina ndilibe wina womuuza.

Ndiyambe ndi za kumunda. Nandolo wachita bwino chaka chino, kuposa chaka chomwe munatisiya. Ogula afika kale ndi masikelo awo pansi pa mtengo wa mango wa kumsika, ndipo akulankhula ngati akutichitira chifundo, ndiye ife tayamba tasunga. Chimanga cha munda wa kumtunda chinadyedwa ndi mbozi, koma chinangwa chatiwombola, makaka ali mbuu padenga. Mbuzi yanu yamawanga yaswa mapasa, ndipo kamodzi katengera mwano wa make, kakulowa m'khitchini ngati ndi kwawo. Amalume mwendo uja ukuwavutabe. Kuchipatala akukana, akuti madokotala a masiku ano ndi ana a dzulo, koma njinga akupalasabe mpaka ku Nkhulambe kukamwa mowa wa otheka kwa anzawo. Ang'ono anu, amayi aang'ono, a Esitere, ali bwino. Pakamwa pawo pali pomwe munapasiya.

Nkhani yaikulu ndi iyi: Lusiya wachira. Ndi wamkazi, Amayi, mdzukulu wanu woyamba wamkazi. Wabadwa ndi tsitsi lambiri ndi mawu omveka mpaka kumjigo. Mukanakhalapo mukanavina mpaka chitenje kumasuka, ngati muja munachitira pobadwa mlongo wake. Inenso ndinakondwa, musandikayikire. Koma m'kukondwa kwangako munali kamwala, ngati kaja kamabisala mu nyemba zokoma, ndipo ndi kamwala kameneko kandikhazika pano ndi cholembera.

Muyenera kudziwa kaye zomwe ana anu awiri tikuchita masiku ano, chifukwa munapita tisanayambe. Chidede chija munkabzala m'mphepete mwa mpanda kuti tizithyola masamba a ndiwo, Lusiya anachisandutsa vinyo. Anaphunzira ku gulu lina la amayi, ndipo pasanapite nthawi anawaposa omwe anamuphunzitsa. Amathyola zofiira zija zomwe ife tinkangotaya, amayanika, amawiritsa, n'kuthira shuga ndi yisiti m'zigubu, kenako n'kudikira. Amapanganso wa nthochi, ndi wa chinanazi chochokera kuseri kwa phiri. Amuna ake, alamu a Dikisoni, amamanga mabotolo panjinga yawo yamoto n'kupita nawo kuboma ndi kumalo ogona alendo okwera phiri. Vinyoyo ndi wabwino, Amayi. Ndayesetsa kumupezera chifukwa, ndalephera. Ndi wowawasa pang'ono poyamba, kenako amatsekemera kumapeto kwa lilime, ndipo amakusiya ukufuna wina.

Ine ntchito yeniyeni sindinaipezebe. Digiri ija munaigulitsira mbiya zonse zija ili m'sutikesi, ikupuma. Masiku ena ndimaphunzitsa pakasukulu kena kapulayiveti, masiku otsalawo ndinabwerera ku dothi lanu. Mtapo wanu wakale wa dothi unakwiririka ndi miyala ndi mchenga pa napolo uja, koma madzi omwewo anang'amba gombe kumunsi kwa mtsinje n'kuvundukula dothi lina lotuwa, lonanda bwino. Ndinayamba ndi mitsuko, koma mitsuko siikuyenda malonda, khomo lililonse lili ndi ndowa ya pulasitiki. Tsiku lina ndinaperekeza alamu kukatula vinyo kumalo ogona alendo kuja, ndipo ndinamva mayi woyang'anira malowo akudandaula kuti matambula akusiya mizere yofiira yozungulira pamatebulo ake amatabwa, yosachoka ngakhale ukweche bwanji. Ndinakumbukira timbale tathyathyathya tomwe ndinkationa m'mahotela a m'tauni, toikapo tambula kuti tebulo lisanyowe. Ndinati mumtima, zimenezi dothi lingathe.

Dzina anazitcha ndi amalume. Anandipeza ndikudula zoyambirira, anatola imodzi, anaitembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Iwe Fanesi, timikate tadothi timeneti adya ndani?" Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti tambula nayo ikufuna nkhata? Mtsuko timauikira nkhata chifukwa ndi wolemera ndipo sungakhale wokha. Nanga tambula yatopa ndi chiyani? Sukulu imeneyi!" Kuyambira pamenepo mudzi wonse umati nkhata za matambula, inenso ndinangovomera.

Ntchito yake ndi yanu yomwe ija, kungoti yachepa msinkhu. Ndimanyika dothi, ndimachotsa timiyala ndi timizu, ndimalisinja pamwala ndi musi wanu wothyoka uja. Ndimasakaniza ndi ufa wa mapale akale, poti munkati dothi latsopano likakhala lokha lilibe nzeru. Kenako ndimalipapatiza pachiguduli ndi botolo, ndimadula ndi kukamwa kwa chitini, n'kukweza kamlomo kuzungulira kuti vinyo wotsetsereka m'mbali mwa tambula asafike patebulo. Zoyamba zonse zinapindika ngati makaka, chifukwa ndinaziyanika padzuwa. Chinthu chathyathyathya sichili ngati mbiya, chimauma pamwamba pansi pakadali ponyowa. Tsopano ndimaziumitsira m'nyumba, pakati pa matabwa, n'kumazitembenuza m'mawa ndi madzulo. Zikalimba ngati sopo ndimazikulunga ndi nkhulungo yanu, kamwala kanu kosalala kaja, mpaka ziwale, ndipo m'mbali ndimadinda ndi njere ya nandolo. Ndimawotcha m'mawa mphepo isanadzuke, ndi makungwa, zitsononkho ndi ndowe zouma. Zikadali zotentha ndimaziwaza madzi a makungwa owiritsa monga munkachitira ndi mitsuko, kuti zide ndiponso zisamwe vinyo wa eni ake.

Zimayenda ulendo umodzi ndi mabotolo a Lusiya, ndipo zimagulidwa ndithu. Koma Amayi, munaonapo munthu akuyamikira nkhata? Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ndi anthu a kuboma kudzalawa vinyo watsopano pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Ine ndinalawirira kuyala nkhata zanga patebulo, zomwe ndinasankha ndekha. Aliyense ankanyamula tambula, kuiyang'ana padzuwa, kulawa, n'kuti, "Mayi Lusiya, manja anuwa!" Lusiya n'kuseka kuseka kwanu kuja, kopendeketsa mutu ndi kuomba pantchafu. Gogo wina amene munkapemphera naye anagwira pakamwa n'kuti, "Uyu ndi Milika weniweni. Milika sanafe ayi." Ine ndinali pomwepo, dothi lanu lili m'zikhadabo. Kenako bambo wina ataona kuti tebulo likugwedezeka, anatola nkhata imodzi, yomwe ndinadinda bwino kuposa zonse, n'kuipanikiza pansi pa mwendo waufupi wa tebulolo. Anayesa kuligwedeza, linakhazikika, n'kundiyang'ana mokondwa. "Mwaona, achemwali, tili ndi ntchito tinthu tanuti." Ndinamwetulira. Ndinathokozanso.

Sindikudziwa ngati munkadziwa kuti ndimamuchitira nsanje mng'ono wanga. Mwina munkadziwa, poti palibe chinkakudutsani. Ine munandipatsa sukulu, iye munamupatsa inuyo. Pamene ndinali m'kalasi kulemba zimene aphunzitsi ankanena, iye anali nanu kumunda, kumtondo, kumaliro, kumsika. Chilomwe chanu chonse chili m'kamwa mwake, ine ndinangotolako mawu omwe munkatikalipira nawo. Mutadwala munandiletsa kubwera. Munati pafoni, "Maliza mayeso akowo, ine sindikupita kulikonse." Ndinakumverani, monga ndinkachitira nthawi zonse. Amene anakumwetsani phala, kukutembenuzani, ndi kumva mawu anu omaliza ndi Lusiya. Ine ndinatsika minibasi n'kupeza masamba ali kale pamsewu. Ndikudziwa kuti kudwazika si mphatso, koma ndinkasirira ngakhale kumeneko.

Tsono mwanayu atabadwa amalume anandiitana. Anati woyamba uja anatchedwa ndi akuchimuna, ndiye uyu ndi wa mbali yathu, ndipo poti mayi wa pakhomo pano tsopano ndine, nditche ndine. Dzina sananene. Panalibe chifukwa cholinenera, mudzi wonse unali utayamba kale kunong'ona kuti Milika wabwerera. Amayi aang'ono anafika pogwada pamaso pa khandalo, kuomba m'manja n'kumati, "Achemwali, mwayenda bwanji? Mwatipeza." Anthu n'kuseka, ena n'kupukuta misozi.

Koma dzinalo munandipatsa ine, Amayi. Mukukumbukira? Tinkawotcha mitsuko kuseri kwa nyumba, ine ndili patchuthi, utsi ukutilowa m'maso tonse. Munati, "Iwe ukadzabereka wamkazi udzamutche ine, ndidzapiteko nane kusukulu." Munanena moseka, uku mukukankhira chitsononkho pamoto ndi phazi, ndipo mwina munaiwala tsiku lomwelo. Ine sindinaiwale. Lusiya kunalibe tsiku limenelo. Ndi chinthu chimodzi chokha chanu chimene iye analibe gawo. Ndinachisunga ngakhale pamene bambo aja a ku Luchenza anasiya kuyankha foni n'kukakwatira kwina. Ndinachisungabe mpaka pano, pamene anthu atopa ndi kundifunsa kuti nanga inu liti.

Amene anapanikiza nkhani ndi alamu, mosadziwa. Paja amayenda, ndiye anaona ku ukwati wina m'tauni alendo akupatsidwa timphatso tolembedwa mayina a akwati. Anafika pakhonde pano asanavule n'chipewa chomwe. "Alamu, ndaganiza chinthu. Patsiku lotcha dzina aliyense amwe vinyo wa make mwana, tambula ili pankhata yolembedwa dzina la mwana, ndipo nkhatayo apite nayo kwawo. Wotcha ndinu, woumba ndinu, chinsinsi chituluka bwanji? Anthu adzaona kuti kuno n'kumudzi koma si kutchire." Anali atagwirizana kale ndi amalume kuti mwana atuluke m'chikuta monga mwa mwambo, koma dzina lidikire phwandolo, vinyo wa chidede akhwime, nane ndipeze nthawi youmba. Ndinayang'ana nkhope yawo yosangalala ija, ndinati chabwino.

Inu mukudziwa kuti dothi silidikira munthu. Limalembeka likadali ngati sopo, likauma msomali umangolikanda ndi kuligumula. Ndinaumba zodzaza dengu, ndinakulunga, ndinadinda nandolo m'mbali, kenako ndinakhala ndi msomali m'manja osalemba kanthu. Ndinazifunditsa chiguduli chonyowa ndi masamba a nthochi kuti zisaume. Mawa lake ndinanyowetsanso chigudulicho. Mkuja wake chimodzimodzi. Alamu akamadutsa ankaliza hutala ya njinga n'kukuwa, "Zauma?" Ine n'kuyankha kuti kunja kuno n'kozizira, zikuchedwa. M'mutu mwanga munadutsa mayina ambiri, ena oti simungandinyadire nawo. Mukuwadziwa mayina athu aja otumizira mnansi mawu kudzera pa mwana wosalakwa. Ndinaganiza za Zonsenzanu. Ndinaganiza za Ndatsalapati. Ndinaseka ndekha m'nyumba, kenako manyazi anandigwira.

Tsiku lina ndikuvundukula ndinaona m'mphepete mwa zapamwamba mwayamba kutuwa. Ndinadziwa kuti ndikazengerezanso ndiumba zina. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti, mwana uja ali apo, wamoyo, akulira, akuyamwa, nanga wanga ali kuti? Ndisunge dzina la mayi anga m'sutikesi pamodzi ndi digiri? Ndipo ndinalemba. MILIKA, MILIKA, MILIKA, pakati pa nkhata iliyonse, mpaka dengu lonse. Dzanja linali lowongoka, zilembo zinatuluka bwino ngati za pabolodi. Koma mtima sunali woyera, ndisakunamizeni. Pa chilembo chilichonse ndinkati, tenga, tenganso ichi, si watenga kale zonse.

Munkati dothi limamva mtima. Tikakangana ndi Lusiya munkatithamangitsa kuti tichoke pafupi ndi moto, munkati mbiya youmbidwa ndi mkwiyo imaphulika, ndipo amayi onse oumba m'dera lino amanena chimodzimodzi mpaka lero. Ndiye zitauma, poyatsa moto, ndinaima chapatali kuyembekezera kumva phu! phu! Ndinene zoona, ndinkafuna kumva. Zikanaphulika ndikanati si ine, ndi moto wakana. Moto unayaka, unanyeka, unatsala phulusa, osamveka kanthu. Ndinafukula ndi ndodo imodziimodzi. Amayi, panalibe ngakhale imodzi yong'aluka. Chiyambire ntchito imeneyi sindinaphulepo nkhata zokongola ngati zimenezo, zakuda bii, zowala, zolira ngwee ukazigogoda ndi chala. Kaya munkatinamiza kuti tisamakangane, kaya dothi la gombe latsopanoli ndi logontha, ine sindikudziwa.

Ndinakulunga imodzi m'kansalu kuti ndikamuonetse Lusiya. Anali masana, alamu atapita kuboma. Ndinamupeza pamphasa kuseri kwa nyumba yake akuyamwitsa, matewera ali pachingwe. M'njira monse ndinali nditakonzekera. Ndinkaona akulira, akundikumbatira, ine n'kunena kuti palibe kanthu, mwaulemu wa munthu amene wapereka chachikulu. Anailandira ndi dzanja limodzi, anawerenga, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Sanaseke. Anaiika pamphasa chafufumimba, dzina lanu litayang'ana pansi.

"Achemwali, ndimaopa zomwezi."

"Ukuopa chiyani?" ndinatero. "Si zomwe aliyense akufuna?"

"Aliyense, eya. Ine wandifunsa ndani?"

Anamusinthira mwana bere lina, anayang'ana kumpanda ngati kukubwera munthu, kenako anayamba kulankhula motsitsa mawu. Ndikuuzani monga ananenera, ndipo musamukwiyire.

"Inu simunawaone mmene analili kumapeto. Ndinkawasambitsa ngati khanda. Ndinkawasintha nsalu. Ndikawatembenuza ankalira kuti ndikuwapweteka, ankanditukwana m'Chilomwe, kenako n'kundigwira dzanja kupepesa. Beseni lake ndi lomwe lija, achemwali, lobiriwira lija. Ndikamuika uyu m'menemo manja amanjenjemera. Ndiye mukufuna ndizimuitananso dzina lomwelo? Amayi aang'ono ayamba kale kumugwadira. Ine ndikufuna mwana woti ndizimukalipira akandibera shuga wa vinyo, osati amayi anga. Ndinawasambitsa mokwana. Pano ndikufuna ndisambitse mwana."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanawauze amalume, kapena amuna ake.

"Kuti azinena kuti Lusiya anatopa nawo amake? Kuti ankangodikira kuti atseke maso? Amayi aang'ono mukuwadziwa, dzuwa lisanalowe zifika ku Mkhumba. A Dikisoni nawo pakamwa ndi pobooka. Inu ndinu ophunzira, akakunenani amangoti ndi sukulu, zimathera pomwepo. Ine ndimagulitsa vinyo kwa anthu omwewa."

Ndinamumvera chisoni, zoona. Ndinaona mmene waondera m'khosi, ndinaona kuti zaka zonsezi wakhala akuseka kuseka kwanu ali ndi zimenezi m'mimba. Koma pansi pa chisonicho nsanje inadzukanso, yatsopano, yoti sindinkaidziwa. Ine ndinalimbana ndi mtima masiku onse aja kuti ndipereke kadzina, chokhacho chimene ndinali nacho, ndipo iye anali nanu wochuluka mpaka kukhuta, mpaka kubweza mbale. Ndinkafuna ndikanakhala ine wotopa nanu, Amayi. Ndinkafuna manja anga akanamanjenjemera pabeseni limenelo.

Za lonjezo lanu la kuseri kwa nyumba sindinamuuze. Ndinangofunsa kuti nanga akufuna dzina lanji. Anati, "Lililonse, bola lisakhale ndi mwini wake kumanda." Ndinatola nkhata ija, ndinaikulunganso m'kansalu, n'kubwerera.

Nthawi youmba zina panalibe, phwando linali litayandikira. Zolembedwa sizikanafufutika, poti zimene moto wavomereza ndi zomwezo. Ndiye alamu atabwera ndi katoni kudzazitenga, ndinawauza kuti zinaphulika pamoto.

"Zonse?"

"Zonse."

Anakanda mutu, anayang'ana kudzenje la phulusa, n'kuti, "Basi, alamu, musadandaule. Makolo athu ankamwera m'chipanda, sanafe." Ndi munthu wabwino. Koma ndinkadziwa chimene ndanena, ndi mudzi umene ndachinenamo. Kuno mwana wamng'ono yemwe amadziwa chimene chimaphulitsa dothi. Pofika madzulo mawu anali atazungulira makomo onse.

Phwando linali dzulo, pansi pa mtengo wa mapeyala womwe uja. Kunabwera akuchimuna, a kutchalitchi, ndi amayi anzanu oumba amene atsala. Lusiya anatulutsa vinyo wake wa chidede, ndipo amayi aang'ono anayala nsalu yawo yoyera ya patsiku la Sabata patebulo. Matambula anakhala pansaluyo opanda kanthu pansi pake, ndipo ndinkaona mizere yofiira ikuchuluka. Amalume atapereka moni anandiitana. Ndinagwada, ndinalandira mwana. Ndi wopepuka, Amayi, koma manja anga anatopa nthawi yomweyo. Amayi onse anali atakonzeka, milomo ili yasaa kudikira kuimba nthungululu.

Ndinati, "Mwanayu dzina lake ndi Tadala."

Nthungululu ya amayi aang'ono inafera pakhosi.

"Wati ndani?"

"Tadala, amayi."

Anaimirira, anamanga chitenje. "Eee! Ndiye chifukwa chake zinaphulika. Dothi silinama, anthuni! Mwana wa Milika kumana make dzina? Mayi amene anapsa zala kuti iwe ukavale chipewa chamakona chija? Nsanje, Fanesi, nsanje! Ukuona ngati sitikuona mmene umamuyang'anira mng'ono wako? Bereka wako!"

Amalume anagogoda ndodo pansi. "Esitere, khala pansi. Wotcha watcha." Anakhala, koma akulankhulabe chapansipansi. Akuchimuna anaimba kanthungululu kaulemu, alamu anathamangira kudzaza matambula. Amalume ananditeteza ndi mawu, koma mpaka phwando kutha sanandiyang'ane kumaso. Lusiya anawerama nthawi yonseyo, akukonza kansalu ka mwana komwe kanali kokonzeka kale. Pomubwezera mwana anandifinya chala chimodzi pansi pa shawelo. Basi, ndi zomwezo. Pasanapite nthawi anali akuseka ndi alendo, akuthira vinyo, anthu akumuyamikira kuti ndi wopirira pokhala ndi mkulu wake wotere.

Lero m'mawa ndinapita kumjigo. Amayi a m'mudzi anasiya kulankhula nditafika, ndipo anandipatsa mpata woti nditunge msanga, zimene sanachitepo. Mmodzi anafunsa mokoma ngati ndidzaumbenso, kapena ngati ndiyamba ndapuma kaye mpaka mtima ukhale pansi. Ndinati ndiumba.

Nkhata zija zili m'dengu pansi pa bedi langa, ndaphimba ndi chitenje. Sindingazigulitse, sindingazionetse munthu, kuziswa manja akukana. Dzina lanu labwerera kwa ine monga ndinkafunira, lonse, lopanda wogawana naye, ndipo ndilibe poliika. Sindikudziwa ngati ndachita bwino. Mwina ndikanalimbikira kuti Lusiya anene yekha. Mwina ndinavomera msanga chifukwa pempho lake linagwirizana ndi chimene mtima wanga unkafuna kale. Zimenezi ndikuzitembenuza m'mutu chiyambire dzulo, sizikuuma mbali iliyonse.

Akuti ndine wansanje. Sindinawatsutse, Amayi, ndipo sindiwatsutsa, chifukwa sakunama. Angophonya pomwe nsanjeyo ili.

Ngati mumaonana ndi abambo kumeneko muwapatse moni, muwauze kuti ali ndi mdzukulu wina. Zimene Lusiya anandiuza pamphasa paja zathera mwa ine ndi mwa inu, sizidzamveka kwina, ndikulonjeza. Mudzi ukadzamema anthu kukalambula kumanda mvula isanagwe ndidzabwera ndi khasu langa, ngakhale anthu azindipatsa mpata m'njira. Ndipo Tadala ndidzamukonda. Ndayamba kale pang'ono. Mundipatse nthawi.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale ndinakukondani ndili kutali.

Ndine mwana wanu woyamba,
Fanesi